Manda awiri a Daniel Boone: mafupa ake agona ku Kentucky kapena ku Missouri?

M'mwezi wa Julayi 1845, anthu ochokera ku Kentucky anafika pa manda aang'ono a pabanja ku Missouri, pakachitunda koyang'anizana ndi kamtsinje ka Tuque, kufupi ndi tauni ya Marthasville. Anabwera kudzafukula. Manda amene ankawafuna anali a Daniel Boone, mlenje wotchuka wa ku America amene anatsegulira atsamunda njira ya ku Kentucky, amene anali atagona pamenepo zaka 25, ndi a mkazi wake Rebecca, amene anatsogola mu 1813. Mwini munda umene munali mandawo, Harvey Griswold, poyamba anakana. Koma alendowo anapeza chilolezo kwa ena mwa achibale, ndipo amuna akuda a m'deralo ndi amene anapatsidwa ntchito yokumba. Mabokosi anawapeza ataola. Anatola mafupa akuluakulu amene anali asanafumbutuke, n'kupita nawo ku Frankfort, likulu la Kentucky.

Kuchokera nthawi imeneyo, ku America kuli malo awiri amene amatchedwa manda a Daniel Boone, ndipo konseko kuli chipilala. A ku Kentucky amati mkuluyo ali kwawo. A ku Missouri ambiri amati okumbawo analakwitsa manda, ndipo Boone sanachoke. Munthu angaganize kuti uwu ndi mkangano wa mafupa chabe, koma muzu wake ndi malo. Moyo wonse wa munthu ameneyu unazungulira pa nthaka: imene anathandiza kulanda kwa eni ake, imene anamenyera nkhondo, imene anaitaya m'makhoti, mpaka kadzenje kamene anadzisankhira yekha kuti adzagonemo.

Boone anabadwa mu 1734 ku Pennsylvania, m'banja la mpingo wa Quaker, mpingo umene umakana nkhondo. Bambo ake, a Squire Boone, anachokera ku England ndipo ankaomba nsalu ndi kusula zitsulo. Anasemphana ndi mpingo chifukwa ana awo awiri anakwatirana ndi anthu akunja kwa mpingowo, ndipo cha mu 1750 banja lonse linasamuka n'kukakhazikika m'chigwa cha mtsinje wa Yadkin ku North Carolina. Sukulu Daniel sanapite nayo patali. Kuwerenga ndi kulemba ankatha, koma luso lake lenileni linali m'tchire: kulondola mapazi a nyama, kuombera, ndi kutha miyezi m'nkhalango osasochera.

Nkhondo anayamba kuiona ali ndi zaka 20. Mu 1755 Britain ndi France ankalimbirana chigwa cha mtsinje wa Ohio, ndipo mkulu wa asilikali a Britain, Edward Braddock, ananyamuka kukalanda linga la Afalansa la Fort Duquesne, pamene lero pali mzinda wa Pittsburgh. Boone anali m'gulu la oyendetsa ngolo za katundu wa asilikali. Pa 9 Julayi, pafupi ndi mtsinje wa Monongahela, Afalansa pamodzi ndi ankhondo a mitundu ya eni nthaka anawathira nkhondo atabisala kuseri kwa mitengo. Asilikali a Britain anazolowera kumenya nkhondo atandandalika poyera, ndiye m'nkhalango muja ankangogwa osaona amene akuwaombera. Oposa theka anaphedwa kapena kuvulazidwa. Boone anadula zingwe zomangira akavalo kungolo, n'kukwera mmodzi, liwiro. Braddock anamwalira ndi mabala patapita masiku ochepa, ndipo George Washington, amene panthawiyo anali mnyamata womuthandizira, anamuika m'manda pakati pa msewu. Ngolo ndi asilikali anadutsa pamwamba pake kuti adani asazindikire pamene wagona.

Pa ulendo womwewo Boone anadziwana ndi John Findley, wamalonda amene anali atafikako ku Kentucky, ndipo anamva za dziko la udzu wobiriwira, la njati, agwape ndi akasupe a mchere. Chaka chotsatira anakwatira Rebecca Bryan, amene anadzabereka naye ana 10.

Apa m'pofunika kumvetsa chimene atsamunda ankachitcha malire. Midzi yawo inali m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, ndipo kumadzulo kwake kunali mapiri a Appalachian. Kuseri kwa mapiriwo ankakutcha chipululu, ngati kuti kunalibe munthu. Koma anthu analiko. Kentucky anali malo osakako nyama a mtundu wa Shawnee, umene midzi yake inali kumpoto kwa mtsinje wa Ohio, ndi wa Cherokee wa kummwera. Mu 1763 mfumu ya Britain inaletsa atsamunda kukamanga midzi kuseri kwa mapiriwo, koma lamulolo linalibe woliteteza. Mu 1768, pa pangano la ku Fort Stanwix, a mtundu wa Iroquois anapereka dzikolo kwa Angerezi, chikhalirecho amene ankasakako, a Shawnee, sanavomereze. Wina anagulitsa munda wa mnzake, ndipo magazi amene anakhetsedwa zaka zotsatirazo anachokera pamenepo.

Chinanso n'chakuti kumalireko msilikali ndi mlimi anali munthu mmodzi. Kunalibe gulu la nkhondo lokhazikika. Mwamuna aliyense wokhala ndi mfuti ankalembedwa m'gulu la asilikali a m'dera lake. Lero ali kumunda, mawa waitanidwa kunkhondo, mwezi wa mawa wabwerera kudzakolola chimanga. Maboma amene analibe ndalama, monga Virginia, ankalipira asilikali awo ndi zikalata za malo a kumadzulo. Choncho nkhondo inkabala atsamunda atsopano, ndipo atsamundawo ankabala nkhondo ina. Boone anakwera maudindo m'magulu oterewa, osati m'gulu la asilikali olembedwa ntchito.

Mu 1769, ngongole zitamufika m'khosi, anadutsa pa mpata wa Cumberland Gap ndi Findley ndi anzake ochepa kukasaka zikopa. Chikopa cha gwape panthawiyo chinali ngati ndalama. Mu Disembala chaka chomwecho a Shawnee anamugwira, n'kumulanda zikopa ndi akavalo, koma sanamuphe. Anamuuza kuti abwerere kwawo ndipo asadzabwerenso. Kwa iwo anali munthu wopha nyama m'dziko la eni popanda chilolezo, ndipo ine sindiona pamene analakwitsa pomuona choncho. Boone sanamvere. Mu 1773 anatsogolera mabanja kukamanga mudzi ku Kentucky, koma mu Okutobala, asanafike n'komwe, mwana wake woyamba James, wa zaka 16, anagwidwa ndi kuphedwa mozunzidwa pamodzi ndi anzake. Ulendowo unathera pomwepo.

Mu 1775 anabwereranso, tsopano atalembedwa ntchito ndi Richard Henderson, mwini kampani ya Transylvania, amene anagula dera lalikulu kwa mafumu ena a Cherokee pa msonkhano wa ku Sycamore Shoals. Mtsogoleri wina wachinyamata, Dragging Canoe, anakana malondawo poyera, ndipo pambuyo pake boma la Virginia nalo linawathetsa. Koma njira inali itatseguka kale. Boone ndi amuna pafupifupi 30 a nkhwangwa analambula msewu umene unadzatchedwa Wilderness Road, n'kumanga linga la Boonesborough m'mphepete mwa mtsinje wa Kentucky. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, anthu oposa 200,000 anali atalowa m'dzikolo potsata njira imeneyi.

Chaka chimene chimamuonetsa bwino Boone ndi 1778. Nkhondo ya atsamunda yofuna ufulu kwa Britain inali mkati, ndipo Angerezi a ku Detroit ankapereka zida kwa a Shawnee. Ku Boonesborough mchere unatha, ndipo popanda mchere nyama sinkasungika. M'nyengo ya chisanu Boone anatenga amuna kupita ku akasupe a Blue Licks kukaphika mchere m'miphika yachitsulo. Mu Febuluwale, ali yekha kosaka ndiwo za anzakewo, anagwidwa ndi gulu la mfumu Blackfish, limene linali pa ulendo wokathira nkhondo Boonesborough. Boone ankadziwa kuti lingalo linali losamalizidwa ndipo munali amayi ndi ana. Ndiye anauza Blackfish kuti amayi ndi ana sangayende m'chipale chofewa, kuti adikire nyengo yofunda ndipo iye mwini adzapereka lingalo. M'malo mwake anapereka amuna ophika mchere aja, atawanyengerera kuti asamenye nkhondo. Onse anapulumuka imfa tsiku limenelo, koma ena anakathera m'manja mwa Angerezi ku Detroit, ndipo mkwiyo wawo pa Boone sunathe.

A Shawnee anali ndi mwambo wotenga wogwidwa kunkhondo kuti alowe m'malo mwa wachibale amene anafa. Blackfish anatenga Boone kukhala mwana wake. Anamusambitsa mumtsinje, kumumeta mwa chikhalidwe chawo, n'kumupatsa dzina loti Sheltowee, kutanthauza Kamba Wamkulu. Anakhala nawo miyezi inayi, akusaka nawo ndi kudya nawo, ndipo anzake ena ogwidwa ankaona ngati wasangalala kwambiri. Rebecca, poganiza kuti mwamuna wake wafa, anatenga ana n'kubwerera ku North Carolina. Mu Juni, ataona ankhondo akusonkhana, Boone anathawa, n'kuyenda makilomita pafupifupi 260 m'masiku osakwana sabata kukachenjeza a ku Boonesborough. Mu Sepitembala Blackfish anafika ndi ankhondo oposa 400, ndipo asanayambe kumenyana anayamba wafunsa mwana wake womuthawayo chifukwa chimene anachokera. Anazinga lingalo masiku pafupifupi 10. Anayesa kukumba ngalande yapansi kuchokera kumtsinje, koma mvula inaigwetsa, ndipo anabwerera.

Atapulumutsa mudzi, anzake omwe anamutengera kubwalo la milandu la asilikali. Richard Callaway ndi Benjamin Logan anamuimba mlandu wogwirizana ndi adani. Bwalo linamupeza wosalakwa ndipo anakwezedwa udindo, koma chilonda cha mumtima chinatsala. Posakhalitsa anachoka ku Boonesborough, mudzi wotchedwa dzina lake.

Mu 1780 mng'ono wake Edward anaphedwa ali kosaka. Kenako, pa 19 Ogasiti 1782, panadza tsoka la ku Blue Licks, miyezi 10 Angerezi atagonja kale ku Yorktown. Asilikali a ku Kentucky pafupifupi 180 ankathamangitsa gulu la eni nthaka ndi asilikali a mbali ya Britain. Boone anaona kuti mapazi a adaniwo akuoneka mosavuta kwambiri, ngati anawasiya dala, ndipo analangiza kuti adikire gulu la Logan limene linali m'mbuyo. Anzake anaona ngati ndi mantha, n'kuwoloka mtsinje. Mawu a akulu akoma akagonera. M'mphindi zochepa pafupifupi 70 anali atafa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Israel, mwana wake wa zaka 23, amene anaomberedwa ali pambali pa bambo ake. Mitembo inakhala padzuwa masiku angapo isanaikidwe m'dzenje limodzi. Achibale ake ankanena kuti mpaka mu ukalamba, Boone akayamba kukamba za Blue Licks misozi inkangotsika.

Nkhondo itatha, anthu ankayembekeza kuti munthu amene anatsegula Kentucky adzakhala mwini malo wamkulu. Kwa kanthawi zinaoneka choncho. Anali ndi nyumba ya alendo ku Limestone, kumene lero ndi Maysville, ankapima malo a anthu, ankagula ndi kugulitsa minda, ndipo anakhalapo phungu m'nyumba ya malamulo ya Virginia. Analinso ndi akapolo. Pofika 1787 anali ndi 7. Izi ambiri omutamanda amazilumpha. Mu 1784 John Filson anasindikiza buku lonena za Kentucky, limene linali ndi gawo la mbiri ya Boone, ndipo litamasuliridwa m'Chifalansa ndi m'Chijeremani dzina lake linamveka mpaka ku Ulaya iye akali moyo.

Koma dongosolo la malo la Virginia linali msampha. Kuti malo akhale ako, unkayenera kugula chikalata, kukalembetsa dera limene wasankha, kulipima, kubweza mapepala ku ofesi nthawi yake isanadutse, kenako n'kulandira chikalata cha umwini. Malire ankawalemba potchula mtengo wakuti, mwala wakuti, pokhotera kamtsinje. Mtengo ukagwa kapena wina akatchula kamtsinje komweko ndi dzina lina, malire asokonekera. Zikalata zinkasanjikizana ngati malata padenga, moti munda umodzi unkatha kukhala ndi eni atatu kapena anayi papepala. Amene ankapambana anali odziwa maloya, osati amene anagwetsa mitengo. Boone mapepala sankawasamala. Mu 1780 anaberedwa ndalama pafupifupi madola 20,000, zake ndi za anzake zimene anamutuma kukagulira zikalata za malo, atagona pa nyumba ya alendo ku Virginia. Pambuyo pake anthu amene anawagulitsa kapena kuwapimira malo anayamba kumusumira pamene zikalata zawo zinagwa m'khoti, ndipo iye ankagulitsa minda yake kuti awabwezere. Maekala zikwizikwi anapita chotero. Mu 1798 khoti linalamula kuti amangidwe chifukwa sanapite kukachitira umboni pa mlandu wina, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Kentucky inatcha boma lina dzina lake, Boone County. Dzinalo ankalifuna, mwini dzinayo akusowa pogwira.

Mu 1799, ali ndi zaka 64, anasamuka ndi abale ake ambiri kuwoloka mtsinje wa Mississippi kupita ku dera la Femme Osage, ku Missouri, limene panthawiyo linali m'manja mwa Spain. Akuluakulu a Spain ankafuna anthu odzakhala m'dzikolo, choncho anamupatsa maekala pafupifupi 850 ndi udindo woweruza milandu ya m'deralo, imene ankaizenga pansi pa mtengo. Koma dera lonselo litabwerera m'manja mwa France, ndipo America italigula mu 1803, akuluakulu atsopano anakana chikalata chake ponena kuti malowo sanawalime. Nyumba ya malamulo ya dziko inamubwezera mu 1814, ndipo ambiri mwa malowo anawagulitsa kuti alipire ngongole zakale za ku Kentucky. Ku Missouri komweko anapezanso a Shawnee ena amene anamugwira mu 1778, nawonso atakankhidwira kumadzulo ndi atsamunda amene analowera pa msewu wake uja, ndipo ankachezerana ngati abale. Mbali imeneyi ya moyo wake imandikhudza kuposa nkhondo zonse: nkhalamba za mbali ziwiri, zonse zitachotsedwa m'dziko limene zinkalimbirana, zikukumbutsana zakale.

Rebecca atamwalira mu Malichi 1813, Boone anamuika pa manda a banja la a Bryan ku Tuque, ndipo ananena momveka kuti iyenso adzagone pambali pake. Anakhomeratu bokosi lake la matabwa a mtengo wa cherry n'kumalisunga. Mu 1820 wojambula zithunzi Chester Harding anamuyendera n'kumujambula, miyezi yochepa asanatisiye. Anamwalira pa 26 Sepitembala 1820 m'nyumba ya mwana wake Nathan, ali ndi zaka 85. Mwambo wa maliro unachitikira kwa mwana wake wamkazi Jemima ndi mwamuna wake Flanders Callaway, ndipo aphungu a Missouri atamva uthengawo anaimitsa zokambirana zawo. Anamuika ku Tuque monga anafunira. Koma chiliza sichinamangidwe msanga. Manda onse awiri anakhala opanda mwala wolembedwa mpaka cha m'ma 1830, ndipo mkangano wonse wa lero unalowera pa mpata umenewu wa zaka zoposa 10.

Nanga a Kentucky anamukumbukira bwanji patapita zaka zonsezi? Mu 1844 ku Frankfort kunakhazikitsidwa kampani yoyendetsa manda atsopano paphiri loyang'ana mtsinje wa Kentucky. Anali manda amakono, okongoletsedwa ngati paki, ogulitsa malo kwa mabanja, ndipo ankafunika munthu wotchuka woti akope ena. Panthawiyo mabuku anali atasandutsa Boone chimphona cha m'nthano, wakupha eni nthaka osawerengeka, pamene iye mwini ankauza ana ake kuti amene anawapha anali ochepa kwambiri. Kentucky inkafuna chimphonacho chibwerere kwawo. Nathan, mwana wake, anali kutali ku ntchito ya usilikali, ndipo chilolezo chinachokera kwa achibale ena. Kwathu kuno nkhani yotere ikanayamba yakhala pabwalo, eni mbumba onse alipo, khasu lisanakhudze nthaka. Kumeneko zinayenda mwa makalata ndi malonjezo a chipilala. Pa 13 Sepitembala 1845 mafupawo anaikidwanso m'manda ku Frankfort pa mwambo waukulu, anthu zikwizikwi atasonkhana, ndipo wandale wotchuka John J. Crittenden ndiye analankhula. Chipilala cholonjezedwacho chinadikira mpaka 1860.

Nkhani imene a ku Missouri amasimba ndi iyi. Akuti mu 1820, adzukulu atakumba pambali pa Rebecca anapeza kuti pagona kale munthu wina, choncho Boone anamuika kumapazi kwa mkazi wake. Pamene miyala inkaikidwa zaka zambiri pambuyo pake, wa Boone unaikidwa pa manda olakwika. Ndipo mu 1845, achibale amene ankadziwa zoona anangokhala chete, chifukwa chokwiya ndi anthu a ku Kentucky, n'kuwalekerera akumbe munthu wina. Palibe cholembedwa cha nthawi imeneyo chimene chimatsimikiza nkhaniyi. Inamveka pambuyo pake, ndipo n'zosavuta kuona chifukwa chimene anthu olandidwa manda angaikondere. Mu 1915 a ku Missouri anaimika chipilala chawo ku Tuque.

Chimene chinaipatsa mphamvu nkhaniyo chinachitika mu 1983. Mafupa aja asanakwiriridwe ku Frankfort, anthu anaumba chifanizo cha chigaza pogwiritsa ntchito pulasitala, ndipo chinasungidwa. David Wolf, katswiri wopima mafupa wa boma la Kentucky, atachiyeza ananena kuti chingathe kukhala cha munthu wakuda. Pa manda a ku Tuque pankaikidwanso akapolo, choncho mawu akewo sanali opanda pogwira. Komabe chifanizocho chinaumbidwa mosalongosoka, ndipo umboni wotere sungamange mlandu. Olemba mbiri ambiri amakhulupirira kuti okumba aja anakumba manda oyenera, kuti mafupa akuluakulu ali ku Frankfort, ndipo thupi lonse ndi tizidutswa totsala zinasanduka dothi la ku Missouri. Ine ndimatsamira kumeneko. Mu 1845 anthu amene anali pa maliro a 1820 anali akadalipo m'deralo, ndipo chinsinsi cha mudzi wonse sichibisika chotero.

Koma pa mkangano wonsewu, mbali ziwirizi zimafunsa funso limodzi lokha: Boone ali kuti? Za munthu winayo, amene mwina anafukulidwa m'malo mwake, safunsa. Akapolo amene anaikidwa pachitunda chija analima minda ya mabanja a Boone, Bryan ndi Callaway, ndipo anagonekedwa popanda mayina pamanda awo. Ngati nkhani ya a ku Missouri ili yoona, ndiye kuti Rebecca anatengedwa yekha, mwamuna wake n'kutsala ku Tuque popanda mkazi amene anapempha kugona naye pafupi, ndipo amene wagona pambali pa Rebecca pansi pa chipilala cha ku Frankfort, zaka zonsezi kuchokera mu 1845, ndi munthu amene dzina lake palibe amene analilemba.